Kusiyana kwa Mawu Oyamikira m'Chingerezi

Mawu a Chingerezi oyamikira munthu kapena ntchito yake, omwe m'malamulo a chiyankhulo amatchedwa afotokozi chifukwa amanena mmene chinthu chilili, amaoneka ngati amodzimodzi, koma kulemera kwawo n'kosiyana. Mphunzitsi akalemba "good" m'kope la mwana amatanthauza kuti ntchito yakwanira, pomwe "excellent", ochokera ku mawu a Chilatini onena kuposa ena, amasungira yemwe wasiya anzake kutali. "Fine" ngofooka kwambiri, moti wophika wa ku London akauzidwa ndi mlendo kuti chakudya chake chinali "fine" amadziwa kuti mlendoyo wangodya mwaulemu.

Ambiri mwa mawuwa sanayambe ngati oyamikira. "Nice" anachokera ku "nescius", mawu a Chilatini onena mbuli, ndipo cha m'ma 1300 ankatanthauza munthu wopusa. "Terrific" ankanena chinthu choopsa. "Awesome" ankanena mantha aulemu amene amagwira munthu pamaso pa Mulungu, koma lero mnyamata wa ku America amawatchula ngakhale ataona nsapato zatsopano. Mawu oyamikira amabuntha ngati khasu lolimira tsiku ndi tsiku, ndipo akabuntha anthu amafuna ena akuthwa, nthawi zina mpaka kubwereka mawu a mantha. Umboni wa kubunthaku unaoneka ku England mu 2012, pamene bungwe loyendera sukulu la Ofsted linachotsa "satisfactory", kutanthauza zokhutiritsa, n'kuikapo mawu onena kuti sukuluyo ikufunika kukonza zinthu, poona kuti zokhutiritsazo sizinkakhutiritsanso aliyense.

Malo nawonso amasintha tanthauzo, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. "Brilliant", omwe poyamba ankanena kunyezimira, ku America amanena makamaka nzeru zakuya, pomwe ku Britain wogulitsa m'sitolo amawanena pongolandira ndalama. "Quite good" kwa munthu wa ku New York n'kuyamikira kwenikweni, koma kwa Mngerezi n'kunena mwaulemu kuti chinthucho chili pakatikati, ngakhale kuti Mngerezi yemweyo akati "not bad" kawirikawiri amakhala atasangalala ndithu. "Outstanding" ndiye amafuna diso lakuthwa, chifukwa pa lipoti la sukulu amanena mwana wopambana onse, koma m'kalata yochokera ku banki amanena ngongole imene sinabwezedwe.