Kodi oyeza magazi athu amawayeza ndani?

Mlimi aliyense amadziwa kuti sikelo ikanama, thukuta la chaka chonse lapita padera. N'chifukwa chake bungwe la Malawi Bureau of Standards limayendera masikelo a amalonda. Koma pali sikelo ina imene ambirife sitiiganizira, ndiyo labotale ya kuchipatala. Zotsatira zochokera kumeneko ndi zimene zimauza adokotala ngati mwana amwe mankhwala a malungo a LA, ngati agogo ayambe mankhwala a TB a miyezi 6, kapena ngati munthu ayambe ma ARV amene adzamwa moyo wake wonse. Zotsatira zikalakwika, wosadwala amamwa mankhwala pachabe, pamene wodwala amabwerera kunyumba atauzidwa kuti ali bwino. Boma lili ndi njira zotchingira ngozi imeneyi, ndipo nzika iliyonse iyenera kuzidziwa.

Poyamba ndi munthu woyezayo

Kuvala chovala choyera sikupatsa munthu ufulu wobaya mnzake chala. Lamulo la 1987 loona za madokotala linakhazikitsa bungwe la Medical Council of Malawi, limene limalemba m'kaundula anthu ogwira ntchito zachipatala, kuphatikizapo akatswiri a m'labotale. Munthu amayamba waphunzira pa sukulu yovomerezeka, monga Malawi College of Health Sciences, Malamulo ku Thyolo kapena Kamuzu University of Health Sciences, kenako n'kulembetsa ku bungweli. Bungwe lomweli ndi limene limapereka chilolezo kwa ofuna kutsegula zipatala zolipira, limayendera malowo, ndipo lili ndi mphamvu zolanga wolakwa ngakhale kumuchotsa m'kaundula.

Kenako ndi zoyezera

Katswiri wodziwa ntchito sangapindule kanthu ngati zoyezera zake zili zowonongeka. Kachida koyezera malungo kamene mumakaona pa chipatala chaching'ono kali ndi tsiku lothera ntchito, ndipo sikafuna kutentha kwambiri kapena chinyezi. Opanga anaikapo mzere umene umayenera kuoneka nthawi zonse, kaya munthu ali ndi malungo kaya alibe. Mzere umenewo ukapanda kutuluka, zotsatirazo n'zosadalirika ndipo woyeza ayenera kutenga kachida kena n'kuyambiranso. M'malabotale akuluakulu, asanayeze magazi a odwala amayamba ayesa makina awo ndi zinthu zimene yankho lake likudziwika kale. Makina akapereka yankho losiyana, ntchito imaima kaye mpaka vutolo lipezeke.

Mayeso a oyeza

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu sadziona yekha kumsana, choncho labotale nayo imafunika diso lochokera kunja. Labotale yaikulu ya boma ku Lilongwe, imene ili pansi pa Public Health Institute of Malawi, imatumiza timachubu ta mayeso kwa oyeza HIV m'maboma. Yankho lake amalidziwa ndi otumiza okha. Woyeza amayeza monga mmene amachitira tsiku lililonse n'kutumiza zimene wapeza. Akaphonya, akuluakulu amafufuza chalakwika: kodi ndi kasungidwe ka zipangizo, kapena munthuyo akufunika maphunziro ena? Pa TB namonso, ena mwa magalasi opakapo makhololo amatengedwa kuti katswiri wina awaonenso asanauzidwe zimene mnzake anapeza.

Ndondomeko ya kayezedwe nayo ndi chitetezo. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti munthu asauzidwe kuti ali ndi HIV pokhapokha zoyezera zitatu zosiyana zitagwirizana, komanso kuti ayezedwenso asanayambe mankhwala. Choncho akakubayani kachiwiri kapena kachitatu, musaganize kuti aphungu akukayika ntchito yawo. Akukutetezani.

Nyenyezi ndi chiphaso

Mu Januwale 2008 nthumwi za maboma ndi mabungwe a zaumoyo zinakumana ku Maputo n'kugwirizana kuti malabotale a m'maiko osauka asamakhalenso otsalira pa ntchito zaumoyo. Chaka chotsatira, ku Kigali, kunakhazikitsidwa njira yokweza malabotale a mu Africa pang'onopang'ono, imene lero imatchedwa SLIPTA. Oyendera amafika ndi mndandanda wa mafunso. Amafuna kuona ngati kuzizira kwa firiji kumalembedwa tsiku lililonse, ngati makina amakonzedwa pa nthawi yake, ngati chubu chilichonse chili ndi dzina la mwini wake, ndiponso chimene chimachitika cholakwa chikapezeka. Labotale yopeza malikisi osakwana 55 pa 100 siipatsidwa nyenyezi. Yopeza 55 mpaka 64 imalandira nyenyezi imodzi, ndipo nyenyezi zisanu zimafuna 95 kapena kuposerapo.

Nyenyezizi ndi makwerero chabe. Pamwamba pake pali muyezo wa dziko lonse lapansi wa ISO 15189, umene unatuluka koyamba mu 2003. Chiphaso cha muyezo umenewu chimaperekedwa ndi mabungwe oima paokha, monga SADCAS imene likulu lake lili ku Gaborone ndipo imatumikira maiko a SADC amene alibe bungwe lawolawo la ntchito imeneyi. Chiphasocho si chamuyaya: oyendera amabweranso, ndipo labotale ikalekerera chimatha kulandidwa.

Mbali yanu

Malamulo onsewa amafika pa benchi pamene mwakhala podikira zotsatira. Onetsetsani kuti dzina lolembedwa pa chubu ndi pa kapepala ndi lanu. Ngati akuuzani kuti mubwere musanadye, kapena kuti mubweretse makhololo a m'mawa, tsatirani ndendende, chifukwa zolakwika zambiri zimayamba chinthu chisanafike n'komwe pa makina. Sungani zotsatira m'kabuku kanu ka kuchipatala. Zikasemphana ndi mmene mukumvera m'thupi, funsani adokotala ngati n'koyenera kuyezanso. Pa chipatala cholipira muli ndi ufulu wofunsa kuti akuonetseni chilolezo chawo. Ngati simunathandizidwe bwino, kadandauleni kwa ombudsman wa pa chipatalapo kapena ku Medical Council of Malawi.

Kufunsa si mwano. Magaziwo ndi anu, ndipo yankho lolondola ndi ufulu wanu.