Disiki yosintha dzina magetsi akabwerera

Kuno ku Ulongué, mvula ya Januwale ikabwera ndi ziphaliwali, magetsi sachedwa kuthima. Kwathu ndinalumikiza madisiki awiri ku rauta ya OpenWrt: ina ya zithunzi za banja, inayo ya kawundula wa mbatatesi zimene timagulitsa. Tsiku lina magetsi atabwerera, ndinatsegula foda ya kawundula n'kupezamo zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga. Mtima unangoti myuu!

Panalibe chimene chinatayika. Rauta imapatsa madisiki mayina potengera imene yayamba kudzuka: yoyamba sda, yachiwiri sdb. Mawa yochedwa ija ikadzuka msanga, mayina asinthana.

Mankhwala ake ndi UUID, nambala imene gawo la disiki limalandira pofomatidwa. Ikani pulogalamu ya block-mount pa rauta, lembani lamulo la block info kuti muione nambalayo, kenako muilembe mu /etc/config/fstab pamodzi ndi foda yake, enabled ikhale 1. Ine ndimafomata ndi ext4, chifukwa imapirira magetsi akathima mwadzidzidzi kuposa FAT32.

Panalinso vuto lina: disiki imangozimiririka. Zikatere, nthawi zambiri vuto limakhala mphamvu. Doko la USB 2.0 limapereka 500 mA, pamene disiki yozungulira imafuna yoposa apo poyamba. Ndinagula habu yokhala ndi chaja yakeyake, kuzimiririka kunatha.