Kodi mumadziwa? Jenereta yozima imatha kudula zala

Anthu akaona amisiri atakwera nsanja za mafoni pamapiri ozungulira Chipata, amaopa kuti agwa. Komatu ngozi ina ili pansi, pajenereta. Majenereta ambiri a pansanjazi amadziliza okha magetsi a ZESCO akangothima, monga ankathimira maola ambiri mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Mmisiri angapise dzanja kuti aone lamba wa injini yozima, magetsi n'kuthima, injini n'kulira, chala n'kupanikizika pakati pa lamba ndi gudumu. Dzanja lili ndi mafupa 27 ndiponso mitsempha yopyapyala, ndipo chala chophwanyika chimavuta kulumikiza kuposa chodulidwa ndi mpeni.

Ena amati magolovesi ndi okwanira. Amatetezadi ku waya wakuthwa, koma pa chinthu chozungulira nsalu ikakodwa imakoka dzanja lonse. Enanso amadandaula kuti kuchotsa waya wa batire ndi kukhoma switchi asanagwire injini kumadya nthawi pamene makasitomala akusowa netiweki. Mphindi zimenezo ndi zochepa, ndipo lamulo la Zambia la chitetezo pantchito limalamula olemba ntchito kuteteza antchito awo.