Ndime yomaliza ya chikho ndi tanthauzo lake ku Khuyu

Mpikisano wa chipulula, momwe timu yogonja imatuluka tsiku lomwelo, umasiyana ndi ligi chifukwa suwerengera mapointi, ndipo pa ndime yomaliza, matimu akalepherana, mapenate ndiwo amagamula mwini chikho. Ichi n'chifukwa chake timu yaing'ono imatha kugwetsa chimphona.

Chikho cha FDH Bank, chomwe bungwe loyendetsa mpira la FAM linayamba kuchiyendetsa mu 2021, chaonetsa zimenezi poyera. Chaka chimenecho Ekwendeni Hammers ya kumpoto inafika kumapeto isanagonje kwa Silver Strikers, pomwe mu 2024 Blue Eagles, ili kunja kwa Super League, inagonjetsa FCB Nyasa Big Bullets pamapenate m'bwalo la Bingu ku Lilongwe.

Kwa wokonda mpira wa ku Khuyu pachilumba cha Likoma, amene kuti akafike kubwaloko nthawi zambiri amaoloka nyanja pa sitima ya Ilala kenako n'kukwera basi kuchokera ku Nkhata Bay, masewerowa amafika kudzera pawailesi ndi pafoni. Mtunda umenewu usakhale chifukwa choiwalira achinyamata a pachilumbachi, pakuti chikho chimayenera dzina loti n'chadziko pokhapokha khomo lake likatsegukira maboma onse.