Kutentha ndiye vuto lalikulu pa zipangizo zamphamvu zokonzera zithunzi pa kompyuta

Chipangizo chotchedwa graphics card, chomwe chimakonza zithunzi ndi makanema pa kompyuta, tsopano chikudya magetsi ochuluka kotero kuti gawo lalikulu la thupi lake ndi zinthu zochotsera kutentha.

Poyamba chipangizochi chinkadziwika ndi masewera a pakompyuta, koma lero chimathandizanso pojambula mapu, pokonza mapulani a nyumba ndi misewu, polumikiza makanema komanso pa ntchito za luso la AI.

Chitsanzo chabwino ndi GeForce RTX 5090 yomwe kampani ya Nvidia ya ku California m'dziko la America idayamba kugulitsa mu Januwale 2025 pa mtengo wa madola 1,999.

Mtima wa chipangizochi ndi kachidutswa kotchedwa chip komwe amakapanga ku kampani ya TSMC ku Taiwan. Mkati mwake muli tizigawo towerengera masamu tokwana 21,760 tomwe timagwira ntchito nthawi imodzi. Pambali pake pali memory ya magigabayiti 32, yosungira zithunzi zomwe zikukonzedwa.

Malingana ndi kampaniyi, RTX 5090 imatha kudya mawati 575, kuposa mawati 450 a RTX 4090 yomwe idatuluka mu Okutobala 2022. Magetsi amenewa ndi ofanana ndi mababu pafupifupi 10 a mawati 60 oyaka limodzi, ndipo pafupifupi onse amasanduka kutentha.

Pofuna kuthana ndi kutenthaku, pamwamba pa chip amaikapo mbale ya mkuwa yotsekeka, momwe muli timadzi tochepa ndipo mpweya adauchotsamo. Chip ikatentha, timadziti timasanduka nthunzi n'kuthamangira mbali yozizirirapo, komwe timabwereranso kukhala madzi ndi kuyambanso ulendo womwewo.

Kuchoka apo, timapaipi ta mkuwa timanyamula kutenthako kukafika ku timalata topyapyala tambirimbiri. Mafani amapemerera mphepo pakati pa timalatati ndipo mpweya wotentha umachoka.

Pa RTX 5090 yomwe Nvidia imapanga yokha, bolodi la zamagetsi adalichepetsa n'kuliika pakati, kuti mafani awiri onse azikankha mphepo modutsa popanda chotchinga. Pakati pa chip ndi mbale ya mkuwa adapakapo chitsulo chamadzimadzi chomwe chimadutsitsa kutentha msanga kuposa phala lomwe limapakidwa nthawi zonse.

Njira zonsezi zikalephera, chipangizochi chimachepetsa chokha liwiro lake kuti chisapse. Izi zikutanthauza kuti ofesi yomwe yachiika m'chipinda chotentha, kapena m'bokosi la kompyuta lopanda potulukira mpweya, sipeza mphamvu yonse yomwe idalipira.

Vuto lina lidaonekera pa chingwe cholowetsera magetsi. Mu Novembala 2022, Nvidia idati idalandira madandaulo pafupifupi 50 padziko lonse okhudza kusungunuka kwa polumikizira chingwe cha RTX 4090, ndipo idati nthawi zambiri chingwecho chinali chisanalowe mokwanira. M'chaka cha 2023 polumikizirapo padakonzedwanso, komabe malipoti ena a kusungunuka adamvekanso pa RTX 5090 mu 2025.

Pa chifukwa ichi, mtengo wa chipangizo chokha sukwanira polemba ndondomeko yogulira katundu wa boma. Kampaniyi imalangiza kuti kompyuta yokhala ndi RTX 5090 ikhale ndi bokosi logawa magetsi la mawati 1,000, mphamvu yomwe makompyuta wamba a mu ofesi alibe. Batire losunga magetsi akazima liyeneranso kukhala la mphamvu yolingana ndi imeneyi.

Fumbi nalonso ndi mdani, chifukwa likadzaza pakati pa timalata mphepo imalephera kudutsa. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, kompyuta yotere imafunika kuipukuta kawirikawiri, kuichotsa pansi ndi kuitalikitsa ku khoma.

Pa ntchito yolemba makalata ndi kuwerengetsera ndalama, chipangizo chotere n'chosafunika. Nthambi zomwe zikuchifunadi, monga zoona za mapu ndi zomangamanga, ziyenera kuwerengera limodzi magetsi, mpweya wa m'chipinda ndi mmisiri wodziwa kulumikiza chingwe chake zisanapereke ndalama.