Malenzi osintha mtundu wa maso: nanga diso lipumira pati?

Mwaonapo pa TikTok kapena m'mafilimu munthu wa maso obiriwira ngati a mphaka, kapena oyera mbuu ngati a mzukwa? Nthawi zambiri amakhala atavala malenzi okongoletsa, tizinthu tofewa, tozungulira, tomwe timakhala pamwamba penipeni pa diso. Ku America malonda ake amatentha ikamayandikira Halloween pa 31 October, pomwe ku South Korea ndi Japan atsikana amakonda aja ochititsa maso kuoneka akuluakulu. Ine sindikuti musavale. Ndikufuna tione kaye zomwe zimachitika lenzi ikakhala pa diso.

Kutsogolo kwa diso kuli kakhungu koonekera ngati galasi kotchedwa cornea. Pakati pake n'kokhuthala pafupifupi theka la milimita basi. Mu Biology tinaphunzira kuti magazi ndiwo amanyamula okosijeni kupita ku ziwalo. Koma cornea ilibe mitsempha ya magazi, chifukwa ikanakhala nayo kuwala sikukanadutsa bwino. Okosijeni wake wambiri imatenga kumpweya, kudzera m'misozi yomwe imanyowetsa diso tikamaphethira. Ndiye mukaikapo lenzi, mwaika chotchinga pakati pa cornea ndi mpweya. Lenzi yabwino imapangidwa mwakuti okosijeni azidutsa. Yachisawawa, yopakidwa utoto wochindikala, imatha kulibanika diso. Likasowa okosijeni limatupa, limafiira, ndipo munthu amayamba kuona mwachimbuuzi.

Chachiwiri ndi saizi. Nsapato simugula musanayese, eti? Cornea nayonso imapindika mosiyana pa munthu aliyense. Lenzi yothina imamatirira, misozi n'kulephera kuyenda pansi pake. Yokhwepa imayendayenda n'kumakanda cornea. Kachilonda kameneko n'kakang'ono, koma ndi khomo la tizilombo. Mabakiteriya otchedwa Pseudomonas aeruginosa akalowapo amatha kuwononga cornea m'masiku awiri okha. Palinso kachilombo kotchedwa Acanthamoeba, komwe kamakhala m'dothi ndi m'madzi, ngakhale apampopi ooneka oyera. Matenda ake amawawa koopsa ndipo kuchiza kwake kumatenga miyezi. Chilonda chikapola chimatha kusiya chipsera choyera, ndipo chipsera chikakhala pakati pa diso, kuona kumavuta mpaka kalekale. Ena amafunika opaleshoni yowaikira cornea ya munthu wina. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake mu 2005 dziko la America linakhazikitsa lamulo lakuti malenzi onse, ngakhale ongokongoletsa, ndi zipangizo zachipatala. Kumeneko kugulitsa malenzi kwa munthu wopanda chikalata cha dokotala wa maso ndi mlandu. Mwina mukuti, “Koma ine ndimaona bwinobwino, dokotala ndi wachiyani?” Dokotalayo sangoyeza ngati mumaona patali ayi. Amayezanso kapindikidwe ka cornea yanu, amaona ngati misozi yanu ndi yokwanira, n'kukuphunzitsani kavalidwe ndi kavulidwe kake. Kuno kwathu akatswiri oyeza maso amaphunzitsidwa ku yunivesite ya Mzuzu, ndipo zipatala monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Nkhoma zili ndi mbali yoona za maso. Wogulitsa pa WhatsApp kapena mu saluni sangakuyezeni zimenezi. Kambiranani ndi makolo, muyambire kokayezetsa.

Mukakhala ndi malenzi oyenera, ntchito yatsala ndi yanu. Sambani m'manja ndi sopo, mupukute manja aume, kenako mugwire lenzi. Tsukani ndi kusunga malenzi m'mankhwala ake ogula kufamase basi. Madzi apampopi ayi, a pamjigo ayi, a mchere opanga nokha ayi, malovu ndiye musayerekeze n'komwe. Mankhwala a dzulo tayani, musangothirapo ena pamwamba, ndipo kabokosi kosungiramo muzisintha pakatha miyezi itatu. Vulani malenzi musanasambe kapena kusambira. Ngati mumadzola zodzikongoletsera, yambani mwavala malenzi, ndipo muwavule musanachotse zodzolazo.

Awiri awa ndi omwe ndimawaopa kwambiri kwa ana asukulu. Woyamba, kugona nawo. Munthu akatsinzina, cornea imalandira kale okosijeni wochepa, ndiye lenzi ikuwonjezera vuto. Bungwe la CDC la ku America limati kugona ndi malenzi kumachulukitsa chiopsezo cha matenda ka 6 mpaka ka 8. Ngakhale mwabwera kudisiko mutatopa chotani, vulani kaye. Wachiwiri, kubwerekana. Kuhositelo timabwerekana ayironi, chipeso, ngakhale jekete, koma lenzi yomwe yakhala m'diso la mnzanu imabwera ndi tizilombo take, ndipo saizi yake si yanu.

Dziwaninso kuti mumdima mwana wa diso amakula kuti alowetse kuwala kochuluka, pomwe malo oonekera a pakati pa lenzi sasintha. Utoto uja umayamba kutchinga m'mbali. Choncho usiku musapalase njinga mutavala malenzi otere.

Nanga diso likafiira, likamawawa, likamatuluka misozi kapena manthongo, likamaopa kuwala, kapena mukamamva ngati muli kachitsotso? Vulani lenzi nthawi yomweyo, musatikite diso, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Tengani malenziwo ndi kabokosi kake kuti adokotala akaone. Musadonthezeremo mankhwala a m'maso otsala a munthu wina, chifukwa ena ali ndi ma steroid omwe amakulitsa matenda a tizilombo. Musaope kuti kunyumba akakukalipirani kapena a boarding akakufunsani zambiri. Kukalipiridwa kumatha madzulo omwewo, koma chipsera cha pa cornea mungalowe nacho m'mayeso a MSCE n'kukalamba nacho.