Luso la Uta: Kaligo ndi Vayolini

Ku mapiri ozizira a ku Tsangano, kumene anthu amalima tirigu ndi mbatatesi, ndi ku Macanga, kumene fodya wa m'midzi yozinga Furancungo amadyetsa mabanja ochuluka, vayolini ambiri amangomumva pa wailesi, namuyesa chuma cha Azungu okha. Komatu makolo athu, a mbali zonse ziwiri za malire a dziko, anali nacho choyimbira chawochawo chokwecha ndi uta, ndicho kaligo, amene mawu ake Hugh Tracey, poyendera Nyasaland kujambula nyimbo mu 1950 ndi 1958, anawayesa oyenera kusungidwira mibadwo ya m'tsogolo.

Mmisiri wa kaligo amagoba kachipika, nakutirapo chikopa cha ng'azi kapena cha mbuzi, nalowetsa ndodo, namangapo nsambo imodzi yokha, ya khonje kapena ya waya. Vayolini, amene amisiri a ku Cremona m'dziko la Italy, monga Andrea Amati ndi Antonio Stradivari amene anamwalira mu 1737, anamukonza kufikira maonekedwe ake a lero, ali ndi nsambo zinayi, G, D, A ndi E. Ndipo uta wake, umene François Tourte wa ku Paris anaulongosola cha m'ma 1785, ndiwo ndodo yopepuka yomangidwa ubweya wa kumchira kwa kavalo. Angakhale kaligo ndi vayolini asiyana chotero ulemerero, lamulo lowaliritsa ndi limodzi.

Pakuti uta wopanda utomoni ungoterereka osatulutsa mawu. Koma ukapakidwa utomoni, umene kwa vayolini uchokera ku mtengo wa paini, umagwira nsambo ndi kuikoka pang'ono, nsamboyo nipulumuka, nigwidwanso, ndipo pa nsambo ya A kugwira ndi kutaya kumeneku kumachitika maulendo 440 pa sekondi imodzi. Chotero dzanja lamanzere limangosankha mawu, koma lowapatsa moyo ndi lamanja.

Zinthu zitatu ziyenera kumvana m'dzanja limenelo: liwiro la uta, kulemera kwake, ndi malo pamene ukhudza nsambo. Woyimba akatsindika kwambiri uta ukuyenda pang'onopang'ono, nsambo imalira ngati chitseko cha dzimbiri. Akauthamangitsa osautsamiritsa, mawu atuluka opyapyala, opanda mtima. Pafupi ndi kamtengo kochirikiza nsambo pamafuna kulemera ndi kudekha, ndipo mawu ake ndi amphamvu. Kutali nako pamafuna kupepuka, mawu nakhala ofatsa. Uta uyende chopingasa nsambo molunjika, wosakhotera uku kapena uko.

Taonani dzanja la wodziwa vayolini: chala chachikulu chapindika pansi pa ndodo moyang'anana ndi chapakati, chamkombaphala chagona pamwamba kuti chiwonjeze kulemera pamene uta wafika kunsonga kopepuka, ndipo chaching'ono chaima chopindika kuti chiupepuze pobwerera kutsinde kolemera. Phewa likhala lotsika, chigongono chitseguka ndi kutsekeka, dzanja lili lofewa; pakuti wogwira uta mwaukali, monga woopa kulandidwa, amautsamwitsa mawu.

Kusiyana kwa vayolini ndi kaligo kuli ku dzanja lamanzere ndi pa kagwiridwe. Wa vayolini amamukhazika paphewa, chibwano chili pamwamba, nakanikiza nsambo kufikira ikhudze thabwa lakuda. Wa kaligo amamutsamiritsa pachifuwa kapena pamimba, nangokhudza nsambo ndi zala, yosafika pandodo, kwinaku akuyimba ndi pakamwa, kaligoyo namutsata ndi kumuyankha. Onse awiri alibe zizindikiro zowalozera poika chala, ndipo khutu lokha ndilo nkhoswe yawo.

Tsono mnyamata kapena mtsikana wofuna luso limeneli asachite manyazi kukagwada kwa mkulu woliza kaligo, ngati alipo m'mudzi mwawo, chifukwa khutu ndi kufewa kwa dzanja zimene adzaphunzira kumeneko adzazipeza zofunika tsiku limene adzagwire vayolini. Ndipo asafulumire nyimbo: ayambe ndi kukoka uta wonse, kuchokera kutsinde kufikira kunsonga, pa nsambo yosakhudzidwa ndi chala, tsiku ndi tsiku, kufikira mawu atuluke ofanana osadukiza. Akulu anati m'mera mpoyamba; dzanja lozolowera kukhota pa ubwana limavuta kuliwongola munthu atakula.